Mayi Bernadetta ndi Mkono Wotupa wa Mlongo Wawo

Akhristu akale a nthambi yathu kuno ku Utale safuna kuuzidwa kuti Mayi Bernadetta Nampinga anali ndani. Anali mayi wamfupi uja wokhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi chitseko, osati chifukwa chochedwa iyayi, koma kuti wina akabwera kudzanong'oneza kuti kwakutikwakuti kwagwa wodwala, atuluke osasokoneza mapemphero. Kuwerenga ankangokwawa nako, mawu awo oimbira kwaya inkangowapirira, ndipo udindo waukulu umene anakhalapo nawo mumpingo unali wosesa. Koma mpaka lero, tikamva kuti wina wavulala, pakamwa pamayamba kutchula dzina lawo mtima usanakumbuke kuti anatisiya. N'chifukwa chake tati tilembe za moyo wawo, kuti ana athu asadzangomva zidutswa.

Anabadwa m'chaka cha 1956 m'mudzi wina kufupi ndi Ulongwe, m'banja la Chisilamu, ndipo dzina lawo laubwana linali Husna. Bambo anamwalira Husna akadali kumsana, kotero amene anamulera ndi mayi ake pamodzi ndi mlongo wake wamkulu, Zubairu. Ndi Zubairu amene ankamunyamula pakhosi popita ku madrasa, sukulu ya Chisilamu, ndi iyenso amene ankathamangitsa anyamata omuputa pamsewu. Mwa mwambo wa kwawoko, mlongo ndiye mwini mbumba: mwana wamkazi akadwala, akalakwa kapena akafuna kukwatiwa, nkhani imafikira kwa iye. Zubairu anaulandira udindowu ndi manja awiri. Vuto lake linali limodzi, lakuti mtima wake unalibe pakati: akakonda ankakonda mpaka, akakananso ankakana mpaka.

Husna atakula anadziwana ndi Ambrose Nampinga, mnyamata wa kuno ku Utale amene ankapita ku Ulongwe kukagulitsa mbuzi. Anayamba kuphunzira katekisimu, ndipo m'chaka cha 1978 anabatizidwa natenga dzina la Bernadetta. Anthu ankanena kuti watsata mwamuna basi, koma iwo mpaka ukalamba wawo ankakana zimenezo. “A Nampinga anangondilozera khomo,” ankatero, “kulowa ndinalowa ndekha.” A Zubairu anakana kukhala nkhoswe ya ukwatiwo. Chinawonjezera moto n'chakuti m'malo moti mkamwini adzamange pamudzi monga mwa mwambo, ndi mkazi amene anatengedwa kudzakhala kwa mwamuna. Kwa mwini mbumba, uku kunali kulandidwa kawiri.

Komabe chingwe chinadukiratu mayi awo atamwalira. Pa tsiku la sadaka, pamene abale amasonkhana kupempherera womwalira ndi kudyera pamodzi, Mayi Bernadetta anabwera ndi mpunga wawo, naphika pamodzi ndi amayi anzawo. Kenaka anatenga mbale napita nayo pamene panakhala amuna, nagwada pamaso pa mlongo wawo. A Zubairu anayang'ana mbaleyo, nayang'ananso woibweretsa, ndipo analankhula mokweza kuti onse amve: “Wallahi, ndikulumbira pamaso pa Mulungu, chakudya chochokera m'dzanja lako sindidzachidya kufikira ndidzalowe m'manda.” Mayi Bernadetta anadzuka ndi mbale yawo nabwerera nayo kuseri kwa nyumba, ndipo kumeneko analira kuposa mmene analirira tsiku loika mayi awo. Anali ndi zaka zosakwana makumi atatu, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasenza chinthu chimodzi mumtima: kuti iwo ndi mlongo wawo asadzafe chidanirane.

Zaka zinapita ndi zowawa zake. Mwa ana asanu ndi mmodzi amene anabereka, awiri anawaika okha m'manda. Njala ya 2002 anadutsa nayo ndi madeya, ndipo chaka chotsatira bambo Ambrose anamwalira. Nthawi imeneyo n'kuti matenda a Edzi atasesa midzi yathu, odwala akugona m'nyumba opanda wowatembenuza. Parishi itapempha anthu odzipereka kusamalira odwala m'midzi, Mayi Bernadetta anali m'gulu loyamba, ndipo ena atatopa iwo sanabwerere m'mbuyo. Anamwino anawaphunzitsa kutsuka zilonda, kusamalira malo otupa, ndi kuzindikira pamene wodwala ayenera kuthamangira naye kuchipatala. Zimene anaphunzirazo anazisunga m'manja, popeza m'buku sakanatha.

Ankayenda ndi kathumba ka nsalu zochapa bwino, sopo, mchere ndi sizasi, kolona ili m'khosi. Sankasankha khomo. Wa Chisilamu, wa mpingo wina, ngakhale chidakwa chogwa ndi njinga chikuchokera kumowa, onse ankawagwira chimodzimodzi. “Bala silifunsa mpingo,” ankatero. Tisanamenso kuti anali wofewa ngati thonje. Munthu akabisa bala mpaka kununkha ankamukalipira ndithu, uku manja akutsuka mosamala. Ambiri a ife tinalawapo zonse ziwiri.

Za mlongo wawo sanaleke. Maliro aliwonse a kubanja ankapita, nakagwada kupereka moni, ndipo a Zubairu ankayankha mwaulemu wozizira uja umene timapatsa mlendo wa pabasi. Pa misonkhano ya mphakati, kagulu kathu ka Akhristu oyandikana nyumba, nthawi ya mapemphero a aliyense ikakwana, tonse tinkadziwa kale chimene anene, mwakuti ana ena ankayendetsa milomo pamodzi nawo: “Ambuye, ine ndi achimwene tisafe chonchi.” Sankapempha kuti mlongo wawo asinthe chipembedzo. Wina atawafunsa chifukwa chake, anayankha kuti nkhani imeneyo ndi ya Mulungu ndi a Zubairu, iwo akungofuna mbale wawo. Kunena zoona, ambiri tinkaona ngati akutunga madzi ndi dengu.

A Zubairu anakwatira kudera la Nayuchi, kumalire ndi Mozambique, ndipo ankachita malonda a mpunga. Akazi awo atamwalira, pamudzi pa eni ake panawatentha, pakuti mkamwini amalemekezeka mkazi akadali moyo. Ana awo aamuna anali atapita ku Joni. Mwa mwambo anayenera kubwerera kwa alongo awo, koma mlongo wotsala anali mmodzi yekha, yemwe uja anamulumbirira. Choncho anamanga kanyumba pafupi ndi siteshoni namakhala okha, nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi awiri yosavomereza kuti yakalamba.

M'nyengo yokolola ya 2019, akukankha njinga yosenza matumba a mpunga kuwoloka njanji, tayala linakodwa m'miyala. Anagwa chammbali, mkono wamanja unagona panjanji, ndipo thumba linawugwera pamwamba. Anzawo a pamsika anathamanga kudzathandiza, ndipo anathandiza ndi mtima wonse mmene ankadziwira. Anauthowa mkonowo ndi madzi otentha nthawi yomweyo. Utayamba kuda ndi kutupa, anati magazi oipa asakwere kumtima, ndiye anakulunga nsanza pamwamba pa chigongono namanga ndi chingwe cha mphira, chija timamangira katundu pakaliyala. Wina anabwera ndi lumo natema mphini kuti magaziwo atuluke. Mkono m'malo mophwa unangokulirakulira.

Amene anaimba foni kuno ndi Mayi Habiba, oyandikana nawo nyumba. Anati akuluwo anawaletsa kuuza aliyense, koma iwo sangaonerere munthu akuwola ali moyo. Uthengawu unawapeza Mayi Bernadetta akusesa m'tchalitchi. Anatsamiritsa tsache pakhoma, nakatenga kathumba kawo, nauyamba ulendo. Mwana wawo wamkazi, Tikondane, anawakumbutsa kuti miyendo yawo ndi yotupatupa ndiponso kuti kumeneko akangonyozeka. Iwo anati kunyozeka anakuzolowera, koma kuika mlongo wawo asanayanjane sangakuzolowere.

Anawapeza a Zubairu atagona pamphasa m'khonde. Mkono unali utatupa kuyambira pachigongono mpaka kuzala, wakuda ngati chikuni chozimitsidwa, khungu likunyezimira, ndipo m'mphini muja munali mutayamba mafinya. Mayi Bernadetta anaona mikono yambiri pa moyo wawo, koma wotere anali asanauonepo.

“Odi, achimwene.”

A Zubairu anatembenuza mutu nawayang'ana nthawi yaitali. “Wakuitanani ndani, achemwali?”

“Mkono wanuwo.”

Anagwada, natsina nsonga ya chala chimodzi, nafunsa ngati akumva. A Zubairu sanamve n'komwe kutsinako. Zala zinali zozizira. Mayi Bernadetta anatulutsa sizasi m'kathumba.

“Musandigwire,” anatero a Zubairu.

“Munalumbira za chakudya, achimwene. Za mkono simunalumbire. Mudzandikane mawa, koma lero chingwechi ndidula.”

Anadula. Magazi atayamba kuyendanso, ululu unabwera ngati moto, ndipo nkhalamba ija inaluma mano n'kumatchula dzina la Mulungu. Mayi Bernadetta anakoka thumba la mpunga, naugoneka mkonowo pamwamba pake kuti ukhale mokwera kuposa chifuwa. Anapempha Mayi Habiba madzi a mumtsuko, nanyika nsalu, namaiyala pamalo otupa, ikafunda n'kuinyikanso. Mphini zija anazitsuka ndi madzi owiritsa oziziritsa othira mchere pang'ono. Anzawo a pamsika aja atabwera n'kufunsa chifukwa chake akuika madzi ozizira pamene aliyense amadziwa kuti chotupa amachithowa, anawayankha mosawachititsa manyazi kuti kuthowa kuli ndi nthawi yake, koma chotupa chatsopano chimafuna kuzizira ndi kupuma. Anawathokozanso chifukwa chosamusiya yekha mlongo wawo.

Koma anadziwa kuti nsalu yonyowa siingathe zonse. Thupi la a Zubairu linali litatentha, ndipo panalibe wodziwa ngati fupa lili bwino. Atatchula za chipatala, akuluwo anakana kwamtuwagalu. Anati kumeneko mkono wotere amangodula, ndipo kuli bwino kufa wathunthu. Mayi Bernadetta anawauza kuti amadula wa munthu wochedwa, koma mawuwo anagwa pamwala. Pamenepo anachita chinthu chimene a ku Nayuchi amachisimbabe akuseka. Anakhala pansi pakhonde pomwepo, navula kolona m'khosi, nanena kuti aiyamba mokweza ndipo saleka kufikira mlongo wawo avomere. Inali nthawi imene anthu ankadutsa pakhomopo kupita kumzikiti. Ndi mawu awo aja oti kwaya inkangowapirira, anali asanathe n'komwe gawo loyamba pamene a Zubairu anatuma munthu kukaitana njinga yamoto.

Achipatala cha pafupi anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Liwonde. Kumeneko anaujambula mkono napeza kuti fupa silinathyoke, koma mnofu unaphwanyika kwambiri, magazi anaundana mkati, ndipo tizilombo tinalowera m'mphini muja. Anawagoneka m'wodi. Mkono wamanja anaumanga bwino naukoloweka m'mwamba, ndipo kudzanja lamanzere anabaya dilipi ya mankhwala. Mayi Bernadetta anayala chitenje pansi pambali pa bedi nakhala gadiyani, monga timatchulira wodikirira wodwala. Anali atanyamulako mpunga wina wa m'matumba aja kuti azikaphika.

Apa ndi pamene lumbiro lija linadzuka ndi mano ake onse. Dzanja lodyera linali m'mwamba. Lamanzere linali ndi dilipi, ndiponso a Zubairu chibadwire anali asanaikepo chakudya pakamwa ndi dzanja limenelo, limene kwa iwo linali la ntchito zina. Panafunika wowadyetsa, ndipo wowadyetsa analipo mmodzi. Mayi Bernadetta akabwera ndi phala, akuluwo ankatembenukira kukhoma. Ngakhale chakudya cha chipatala, chikangodzera m'dzanja la mlongo wawo, ankatseka pakamwa. Bambo wina wa pabedi loyandikana ankawamwetsako tiyi, koma anachira n'kutulutsidwa. Namwino ananena mosabisa kuti mankhwalawo ndi amphamvu, ndipo thupi lanjala silipoletsa bala. Masaya a a Zubairu anayamba kulowa.

Mayi Bernadetta anapsa mtima, ndipo anachitanso mantha. Anali atapulumutsa mkono, koma mwini mkono ankawathera m'manja chifukwa cha mawu olankhulidwa zaka zoposa makumi atatu zapitazo. Anawachonderera, anawakalipira, anawakumbutsa za mayi awo. A Zubairu anangoyankha motsitsa mawu kuti analumbira m'dzina la Mulungu, ndipo sangakaonekere pamaso pake ngati munthu wabodza. Apa Mayi Bernadetta anazindikira kuti si chidani chimene chatsala mwa mlongo wawo. Chidani chinatha kale. Chotsala chinali mantha a munthu woopa Mulungu amene anadzitsekera yekha n'kutaya kiyi. Anati mumtima mwawo, fupa lokakamiza limaswa mphika, nasiya kukangana nawo.

Masana a tsiku lotsatira anafunda mpango kumutu napita kumzikiti wa pafupi, atavala chitenje chawo cha Amayi Achikatolika, popeza china analibe. Anaima panja padzuwa kudikira kuti mapemphero a swala athe. Amuna otuluka ankawayang'ana modabwa, koma iwo sanasunthe kufikira anatuluka shehe wina wachikulire. Anapereka moni m'Chiyao chawo chaubwana, nafotokoza nkhani yonse osabisa kuti iwo ndi ndani.

“Shehe,” anatero pomaliza, “sindinabwere kudzatsutsana za chipembedzo. Ndingofunsa: munthu akadzitsekera ndi lumbiro lotere, kwanuko kulibe khomo lotulukira?”

Shehe uja anati khomo lilipo, ndipo ndi lakalekale. Lumbiro lodula chibale silikondweretsa Mulungu. Wolumbira ayenera kuliphwanya n'kuchita chabwinocho, koma apereke dipo lotchedwa kafara, ndiko kudyetsa anthu osauka khumi. Mayi Bernadetta anapempha kuti mawu amenewo akawanene yekha kuwodi, chifukwa akachokera pakamwa pawo sakalowa. Shehe anatenga ndodo yake nawatsata.

A Zubairu anamvetsera maso ali kudenga. Shehe atamaliza, akuluwo anati zimenezo anazimvapo kale, koma munthu wogona chagada ngati iwo osauka khumi akawapeza kuti, ndipo awaphikira ndani?

“Tayang'anani m'wodi muno, achimwene,” anatero Mayi Bernadetta. “Agogo awo alibe wowadikirira. Bambo awo abale awo sanabwere chiwagonekere. Osauka Mulungu wakubweretserani pabedi pomwe. Mpunga ndi wanu, womwe uja unakuphwanyani mkono. Ine ndingokubwerekani manja.”

A Zubairu anayang'ana mabedi aja limodzi ndi limodzi. “Kaphike, Husna,” anatero.

Dzina limenelo Mayi Bernadetta anali asanalimve pakamwa pa mlongo wawo chichokere ku Ulongwe. Anapita kukhitchini ya magadiyani, nabwereka mphika waukulu, naphika mpunga ndi nandolo. Anagawira onse opanda owadikirira m'wodi ya amuna, ndipo atapereweza chiwerengero anakafika ndi kuwodi ya amayi, akunena paliponse kuti chakudyachi chachokera kwa a Zubairu a ku Nayuchi. Atatha anasamba m'manja, nakhala m'mphepete mwa bedi ndi mbale yotsiriza, naumba kambamu kakang'ono. A Zubairu anati “Bisimila,” natsegula pakamwa. Anatafuna pang'onopang'ono, nameza.

“Mchere wachepa,” anatero. “Amayi ankaphikanso chonchi.”

Mayi Bernadetta anatembenukira kukhoma, misozi ili chuchuchu, dzanja likuumba kale mbamu yachiwiri. Mbale ija inatha yonse.

Kutentha kwa thupi kunatsika, mafinya anauma, ndipo achipatala anawatulutsa ndi malangizo a kasamalidwe ka mkono. Za kubwerera ku Nayuchi Mayi Bernadetta sanafune n'kuzimva komwe. Anatumiza uthenga kwa Tikondane kuti nkhumba zawo zonse, zimene zinali chuma chawo chokha, azichotse pakhomo, khola aligwetse, ndipo agule miphika yatsopano. A Zubairu anafika kuno ku Utale mkono uli m'chitenje chokoloweka m'khosi, akuyenda ngati mlendo woopa agalu.

Ntchito yeniyeni inayamba pamenepo, ndipo inali ya miyezi. Mkono unaphwa, kuda kuja kunayamba kuyera m'mbalimbali, koma unatsala wouma ngati mpini, zala zosapindika. Tsopano nthawi yothowa inali itakwana. M'mawa uliwonse Mayi Bernadetta ankauthowa ndi madzi ofunda, nausisita ndi mafuta kuchokera kuzala kukwera kuphewa, napinda chala chimodzichimodzi monga anawasonyezera kuchipatala. A Zubairu akafuna kuukakamiza kuti uchire msanga, ankawaletsa. “Chotupa sachiopseza, amachinyengerera,” ankatero, ndipo ife omva tinkadziwa kuti mayiwa luso limeneli sanaliphunzirire pa mikono yokha. Akuluwo akachita ulesi chifukwa cha ululu, sankawamvera chisoni. Ankawaikira lichero la nandolo pamiyendo kuti asende ndi dzanja lodwalalo, kenaka chimanga choti atonole. A Zubairu ankadandaula kuti kuchipatala kunali bwino, koma ankasenda.

Panali chinthu china chimene chinautsa manong'onong'o pakati pathu. Msilamu asanaswali amasamba m'manja, kumaso, mikono ndi mapazi mwa dongosolo lake, ndipo ndi mkono umodzi a Zubairu sankatha. Mayi Bernadetta ndi amene ankawathirira madzi, nawasambitsa mkono wodwalawo mpaka m'chigongono, popeza dongosololo ankalikumbukira kuyambira ku madrasa. Ankawayalira mkeka pansi pa mtengo wa bwemba, iwo n'kukhala chapatali ndi kolona yawo. Ena a ife, amene maso athu amaona msanga za pakhomo pa anzathu, tinayamba kufunsa ngati mayiwa sakubwerera kumene anachokera. Nkhaniyi itawafika pa mphakati, anangoti: “Ambuye anasambitsa mapazi a anthu osawafunsa kuti apita nawo kuti. Ine ndikusambitsa mkono wa mlongo wanga kuti akapemphere. Ngati ndi tchimo, ndikalapa Loweruka.” Sanakalape, ndipo bambo mfumu atamva anangoseka.

Pofika nyengo ya mvula a Zubairu anali akugwira khasu. Chala chaching'ono sichinawongoke bwino mpaka kale, koma dzanja linabwerera kuntchito zake zonse. Ku Nayuchi anangopitako kukatenga katundu wawo. Anamanga kanyumba pambali pa nyumba ya mlongo wawo, Lachisanu akupalasa njinga kupita kumzikiti, Lamulungu akusunga pakhomo eni ake ali kutchalitchi. Mwezi wa Ramazani Mayi Bernadetta ankawakonzera chakudya chomasulira, ndipo pa nyengo ya Lenti a Zubairu ankawaseka kuti kusala kwa Akatolika n'kwa ana. Ankakangana za mbuzi, za mchere ndi za amene anali wovuta paubwana. Pa mphakati pemphero lija linasintha. Nthawi yawo ikakwana ankangoti, “Ambuye, zikomo,” basi.

Anakhala chonchi zaka zisanu. Pasaka wa 2024 atangopita, Mayi Bernadetta anagwa m'munda mwawo ndi matenda aja ofa ziwalo. Kuchipatala anachita zimene akanatha, kenaka anawabweza kunyumba mbali ya kumanja ili yofooka ndipo mawu akutuluka movutika. Sanadandaule. Amayi a mphakati ankasinthana kuwasamalira pamodzi ndi Tikondane, koma phala ankawamwetsa ndi a Zubairu, ndipo sankalola wina kuwalanda sipuni.

M'mawa wa tsiku lawo lotsiriza bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala ndi kuwapatsa Ukaristia. A Zubairu, mwaulemu wawo, anadzuka kuti atuluke, koma Mayi Bernadetta anawatsata ndi maso mpaka anabwerera n'kukhala pansi kumutu kwa mphasa. Bambo mfumu atayamba kuti “M'dzina la Atate,” tinaona dzanja lamanja la mayiwa likugwedezeka pachifuwa. Ankafuna kulemba chizindikiro cha mtanda monga ankachitira chibatizidwire, koma mkono unakana kudzuka. Anayesanso, thukuta lili pamphumi. Ife Akhristu tinalipo ambiri m'nyumbamo, koma tinangoti kakasi.

Ndi a Zubairu amene anasendera. Analowetsa dzanja lawo lamanja pansi pa chigongono cha mlongo wawo nachikweza pang'onopang'ono.

“Pemphera iwe, Husna,” anatero. “Ine ndagwira.”

Zala zija zinafika pamphumi, zinatsikira pachifuwa, zinapita kuphewa ili ndi ilo. Mayi Bernadetta analandira Ambuye wawo, natseka maso ngati munthu amene watula mtolo pakhomo pake. Dzuwa lisanafike pamutu anapuma kotsiriza, chigongono chawo chikadali m'dzanja la mlongo wawo.

Pa maliro awo anthu a kumzikiti ndi a kutchalitchi anakhala pamphasa zimodzi, ndipo panalibe amene anafunsa mnzake kuti wadzera mbali iti. Mayi Bernadetta sanatisiyire nyumba ya malata kapena mawu ambiri. Anatisiyira funso limene aliyense wa ife ayenera kuliyankha yekha: kodi ndi m'bale uti amene tinamulekerera kuti awole ndi bala lake chifukwa anatinyoza kale? Ambuye amene anawatumikira mwa ovulala awalandire kwawo, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere wosatha.